Kontena ya Bambo a Tamandani

Lolemba, 3 Juni

Kuchipatala ndi bambo a Tamandani. Mutu sabata yathunthu, maso ofiira, koma mpaka ndichite kuwakoka ngati mbuzi. BP yakwera moopsa. Shuga nayenso ali pakhomo. Dokotala wake wamkazi, wachichepere, koma sanawanyengerere: "Bambo, tchipisi ndi nkhuku yokazinga tsiku ndi tsiku zikutsekerani mitsempha. Mukapitiriza, sitiroko." Iwo kumangoseka, kusisita mimba. Ati ndi mimba ya ubwana. Ubwana wake uti, kalaliki wa inshulansi? Tamandani ali Folomu 2, amuphunzitse ndani iwo akagwa? Pobwerera ndatsika ku Limbe, ndagula kontena yobiriwira ya zipinda ziwiri. Kuyambira mawa chakudya chamasana chizichokera m'nyumba muno.

Lachisanu, 14 Juni

Chiperoni. Magetsi kulibe. Kukoleza mbaula kusanayere, zala zitauma gwa. Mpunga, nyemba, bonongwe wotendera. Mchere pang'ono, mafuta osathira n'komwe. Kenako liwiro la minibasi, chifukwa a Krupa, eni shopu ya nsalu kumene ndimagwira ntchito, samva za amuna odwala. Koma kontena ikubwera yopanda kanthu, yotsukidwa mbee. Munthu amene chikwatiranireni sanatsukepo ndi supuni yomwe! Mtima pansi. Lamba yekha ndiye akadali pabowo lomaliza. Mwina thupi limachedwa kumva.

Lamulungu, 14 Julayi



Potuluka m'tchalitchi wandithamangira Stacy, mlembi wa ku ofesi kwawo. Kundikumbatira, kuzungulira kuti ndimuone. "Amayi, bonongwe wanu uja! Onani mmene ndatsikira thupi, masiketi onse akundigwa." Ati bambo amamusiyira kontena pa desiki m'mawa uliwonse, iye n'kudya, n'kutsuka. Mwana wosalakwa, amaganiza kuti ndikudziwa. Ine kumwetulira ngati chitsiru, amayi a Mvano akutiyang'ana. Kulawirira konse kuja, utsi wonse uja, kuphikira mwana wa eni ake kuti akongole.

Lolemba, 15 Julayi

Ndawafunsa. Sanakane, ndiye chondipsetsa mtima kwambiri. Nkhani yake: ku ofesi alipo amuna asanu, ali ndi chipereganyu cha chakudya chamasana. Aliyense tsiku lake logulira onse. A Dalton, amene anayambitsa zimenezi, Lolemba. Bambo a Tamandani Lachinayi. Ndipo zogula zake sizisintha: tchipisi, nkhuku, soseji, botolo la zotsekemera. Ati akatulukamo anzawo adzati asauka, kapena ndinawadyetsa khuzumule. Ati munthu wovala tayi sangatsegule nyemba pa desiki ngati mesenjala.

Ndawauza kuti akadzagwa a Dalton sadzabwera kudzawasambitsa. Yankho lake: "Amayi a Tamandani, musanditemberere." Kuwatemberera ine, kapena mafuta akuda amene amakazingiramo sabata yonse aja? Kontena ndaiponya pamwamba pa kabati. Azidya zawozo. Ndatopa.

Lachitatu, 24 Julayi

Sitikulankhulana. Moni yekha, Tamandani akakhala pafupi. Pochapa jekete ndapeza mapiritsi a BP m'thumba, paketi yosatsegula, pamodzi ndi timapaketi ta tomato sosi. Akawerama kumanga nsapato amapuma ngati akukwera phiri la Mpingwe. Mapazi atupa. Ndaona. Ndikanena ndine wotemberera.

Lachisanu, 26 Julayi

Dzulo, Lachinayi. Tsiku lawo logula. Anagwa ali pamzere kumalo odyera m'tauni, asanalandire n'komwe mabokosi awo. Foni inandipeza ndikuyeza nsalu ya kasitomala, sindikumbuka kuti lumo ndinalisiya pati.

Sitiroko. Mbali yakumanja yafa, pakamwa papindika. Akafuna kunditchula pamangotuluka malovu. Munthu wa zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi. Dokotala ati masiku oyambawa ndi oopsa, ikhoza kubwereranso, ndipo ikabwerera basi. Tamandani wafunsa ngati adadi adzayendenso. Ndamutuma madzi.

Ndakwiya. Ndi iwo, ndi a Dalton, ndi tayi. Ndikuopanso. Kontena ndaitsitsa pakabati, inali itachita fumbi.

Lachinayi, 1 Ogasiti

Masana, nthawi yoona odwala. Abwera anzawo a chipereganyu onse anayi, matayi awo, nkhope zachisoni. A Dalton patsogolo, bokosi m'manja, pansi pake patanyowa mafuta. "Mlamu, lero ndi tsiku lake, ndiye tati timugulire ifeyo. Adyeko apeze mphamvu."

Fungo ladzaza wodi yonse. Ndipo ndaona ndi maso angawa: dzanja lotsala lija likukwawa pabulangete kulondola bokosilo. Munthu wolephera kutchula dzina la mwana wake! Ndalanda. Zimene ndawauza a Dalton sindilemba muno, nesi wachita kundigwira paphewa. Atuluka mondondozana, osatsanzika.

Ndakhala pabenchi panja, bokosi pamiyendo, ndikufunafuna potaya. Chidyereni dzulo m'mawa. Ndatola katchipisi kamodzi. Pozindikira, ndatsala ndi mafupa okhaokha. Zokoma. Zokomadi, ndiye chandiliza kwambiri.

Ndasamba m'manja kawiri kuti asamve fungo. Ndabwerera m'wodi, ndatsegula kontena yobiriwira. Mbatata yosinja ndi chipere. Supuni imodziimodzi, zina zikutsikira pachibwano, ine kupukuta ndi chitenje. Osayang'anana. Amaliza zonse.

Lero kontena ikubwerera kunyumba ku Mpingwe yopanda kanthu, ndipo ndikudziwa amene wadya. Ndikatsuka ndekha.