Mng'alu wa pa laputopu ya a Tembo

Lachinayi, 16 Okutobala. Tsiku lonyansa.

A Tembo, aphunzitsi a sayansi, anatisonyeza pa laputopu momwe mng'alu umakulira m'thanthwe. Kamzere kofiira kanayenda molunjika. Ndinati, "Aphunzitsi, kwathu sumayenda choncho. Amayi akatentha matayala pathanthwe n'kuthirapo madzi kuti aliphwanye, mng'alu umakhota kutsata msempha wa mwalawo."

"Iwe Yohane, amayi ako aposa kompyuta?" anatero a Tembo. Kalasi yonse inafa ndi phwete.

Kenaka anasankha Chisomo kuti akaonetse zimenezi kumpikisano wa sayansi ku Chipata. Chisomo, woti sanagwirepo nyundo! Malo amenewo ndinkawafuna ine.

Loweruka tikutentha thanthwe lina. Ndabwereka foni ya amalume kuti ndijambule. Mng'alu ukakhota, a Tembo adzauonera pamaso pa kalasi yonse. Koma ukayenda molunjika...