Kamtondo ka Gwayakani

4 Meyi

Kutentha koopsa. Bilu ya magetsi a makina osemera, mapeso 640. Ndagulitsa mbale ziwiri zokha.

Amuna anga a Tacho andithokozanso ngati mlendo. "Zikomo mayi, ndinu aulemu. Akazi anga abwera posachedwa." Akazi anuwo ndi amene akusambitsaniwa, bambo inu! Sindinanene. Ndinakalirira kuseri kwa thanki ya madzi.

Chiwagwetsereni matenda a sitiroko dzina langa silinatuluke m'kamwa mwawo. Nidelvia. Ndilembe ndekha, ndingaliiwale nanenso.

7 Meyi

Zodabwitsa. Ndalowa m'nyumba manja ali utuchi okhaokha. A Tacho andigwira dzanja, kununkhiza. "Sirikote uyu. Wauma bwino." Zoona! Ndathamanga kukatenga wina. "Tsalamu." Wina. "Checheni uyo, tayani, akutupitsani khungu." Munthu woiwala mwana wake yemwe, koma mitengo sanaphonye ngakhale umodzi.

Leydi, mwana wathu, pa foni: "Amayi, musadzinamize." Ali ku Cancún uko, akuyala mabedi m'mahotela, adziwa chiyani.

Ndikuchitira nsanje mitengo, ine ndi imvi zangazi.

8 Meyi

Tsiku lonse maganizo ali kwa bambo anga. Iwo ankasema mtengo wa gwayakani wokhawokha, ine n'kumasalaza ndi sandipepa, mutu uli mbuu. Tacho anabwera kudzaphunzira ntchito, wowonda ngati chingwe, wamwano. Ankati angathe kundipeza pa chikondwerero cha mudzi wonse wa Dzityá maso ali otseka, chifukwa cha fungo la tsitsi langa. Bambo anamuthamangitsapo ndi tchizulo m'manja.

Gwayakani aboma salola kudula masiku ano. Muno sanalowemo kwa zaka zambiri.

Ndikufuna kachidutswa chabe. Ndamusowa Tacho, ndamusowa, chonsecho ali apo akugwedezeka m'machila mwake.

12 Meyi

Chucho Pech wogulitsa matabwa wabwera ndi chipika m'thumba. "Gwayakani weniweni achemwali, ndikulumbira pa manda a amayi anga." Amayi akewo ali moyo, amagulitsa tomato pamsika.

Cholemera ndithu. M'ndowa chamira, koma mitengo yomira ndi yambiri. Ndachipala mbali imodzi, ndachiika padenga. Weniweni akamenyedwa ndi dzuwa amabiriwira. Mapeso 300, ndapereka theka.

Sindinadye bwino. Kumangotuluka kukayang'ana padenga ngati pali mwana.

14 Meyi

Sichinabiriwire. Chakuda momwe chinabwerera. Ndachiikabe pa makina, mwina maso angawa. Utuchi wouma, wopanda mafuta, wopanda fungo lija.

Ndawapititsira a Tacho. Kununkhiza kamodzi kokha. "Katalosh uyu. Amene wakugulitsaniyo ndi mbava." Aseka mpaka kutsokomola. Kenako: "Kodi amuna anu sadziwa mitengo?" Ndati amadziwa, angochokapo pang'ono. "Ndiye abwere msanga, anthu akutherani ndalama."

Eya, abwere msanga.

Chucho ndikamuona andidziwa.

19 Meyi

Masiku onsewa panalibe cholemba. Kuwasambitsa, kuwadyetsa, zikomo mayi.

Leydi wapeza malo ku Mérida, kwa masisitere osamalira okalamba. Galimoto ibwera Loweruka. "Msana wanu watha, amayi. Sakukudziwani, kwa iwo kulikonse n'chimodzimodzi." Mwana sanalakwe, msana ukundipwetekadi. Ndati mumtima: ngati sakundidziwa, apite. Ngati ndikadali penapake m'mutumo, pano sachoka.

Masana ndikusinja tsabola, dzanja linangoima. Kamtondo kanga! Tacho anandisemera tisanakwatirane, ndi mtengo umene anawabera bambo anga. Gwayakani. Zaka zonsezi kali m'manja mwangamu, kada bii, kakununkha tsabola ndi adyo. Kunja. Nanga m'kati mwa mtengomo?

Ndakatsuka. Ndakaika pa tebulo. Ndikuopa. Chinthu chokhacho chimene anandipangira asanakhale mwamuna wanga.

21 Meyi

Kamtondo ndakamanga pa makina m'mawa. Tchizulo inaterereka kaye. Kenako inaluma. Pansi pa kudako, kubiriwira! Utuchi wofunda, wamafuta, womata ku zala. Fungo lija, mayo ine. Bambo anga, nyumba yathu yakale, zonse mbwee. Ndamasula tsitsi, ndaweramira pomwepo mpaka mutu unadzaza.

Ndalowa m'nyumba muli Tacho. Ndakhala m'mphepete mwa machila.

Mphuno inayamba ndiyo. Kenako maso.

"Iwe Nidelvia! Walowa bwanji muno? Bambo ako akatipeza andithyola miyendo."

Ndati apita kumsika, achedwa. Anagwira tsitsi langa, kulikulunga ku chala monga kale. Anandifunsa ngati kamtondo kaja ndakakonda. Ndati ndakakonda kwambiri. "Usakaonetse kwanu." Taseka. Ndalira, iye n'kumati iwenso, kulira chilichonse.

Mpaka masana. Fungo litatha, anasiya tsitsi. "Zikomo mayi."

Ndamuimbira Leydi, galimoto isabwere. Wakwiya, kenako walira nayenso.

Kamtondo kachepa, ndakayeza ndi chala. Tsabola ndizisinjira pa mwala. Ndikamapala pang'onopang'ono kangandifikitse ku Khirisimasi. Ndiye pali kamunsi kake, sindinakakhudze.

Mawa pang'ono pokha. Ndikufuna kumufunsa zambiri.