Alamu Anu Achoka pa Kampani Yawo

Achimwene,

Salamu alaikumu. Kuno ku Mangochi tili bwino, mwendo wa amayi wasiya kutupa. Kaya inu ku Joniko?

Alamu anu a Yusufu atula pansi udindo pa kampani yomwe anayambitsa okha. Pulogalamu yawo ya pa foni yochenjeza asodzi za mwera ija anaisiya poyera kuti aliyense aitenge, aisinthe mwaulere, ati ndi sadaka. Anyamata omwe anawaphunzitsa ntchito akufuna izigulitsidwa, ndiye awakankhira kunja. Loweruka pa mwambo wowatsanzika ku hotela ya Makokola alamu anuwo anaimirira n'kunena kuti akukapuma, anyamatawo n'kuwomba m'manja. Ine sindinawombe.

Chonsecho pulogalamuyo ikavuta, asodzi a ku Makanjira akuimbirabe iwowo, ndipo iwo akumaikonza osadandaula.

Chonde muwaimbire foni, koma musawafunire mpumulo wabwino. Sanatope, achotsedwa.

Allah akusungeni.

Mlongo wanu,
Asiyatu