Chitini cha Makomprimido Anu

Lachitatu, ma dez ora, teni koloko m'mawa, mame atangouma.

Amayi, kumeneko muli bwanji kodi? Kumazizira ngati kuno ku Lifidzi, kapena munapuma ku chisanu? Ndikulemba ndi dzanja langa lomwe lija la segunda kalasi, kalasi yachiwiri, likapendama mukhululuke.

Kuno tilipo. Nyemba zachita bwino, koma kachewere wawola theka ndi mvula, ndipo ogula a ku Kalomwe akumuyang'ana ngati tawatukwanira amayi awo. Lusiya, chitsiriza wanga uja munkati ngwamwano ngati ine, ali ndi mwana wamkazi. Tamutcha Tereza, dzina lanu. Pakamwa pake mpanu ndithu, akayamba salekeza.

Koma ndili ndi funso. Mukukumbuka chitini cha mabolasha, mabisiketi aja, munkasungamo makomprimido, mapiritsi anu, chija? Pogawa katundu wanu maliro atatha, ena anatenga makapulana, zitenje zanu zija, ena miphika, ine chinandigwera chitinicho. Ndinachisunga pamwamba pa khoma, poti munkati, "Mankhwala ali ngati mbewu, wanzeru samaliza onse." Nkhuku zikagwidwa chitopa ndinkatapamo ofiira. Zinkafabe, koma zinkafa zitalandira chithandizo.

Mwezi watha mkamwini wanu, a Fabiano, anamva msana. Munthu wa imvi zake anatapa oyera awiri osafunsa, akuti oyera onse ngamodzi. Tinakawatola m'munda wa nyemba ali gada, maso akuzungulira. Anali anu aja a tensau, othamanga magazi. Achira, musadandaule, ayambiranso kulamula.

Lamulungu lotsatira, Misa itatha, a enfermera, anamwino a ku posto, kachipatala kathu kaja, analengeza kuti aika bokosi lokhoma pakhomo pa posto, aliyense abweretse mankhwala otsala, okalamba, ndi a malemu omwe. Ndinapita ndi chitini, osati chifukwa chomvera ayi, ndimafuna ndidziwe.

Ndinati, "Mwana wanga, bwanji osangoponya m'chimbudzi?"

Anati, "Agogo, chitsime chanu chili kumunsi kwa chimbudzicho. Mvula ikagwa mudzamwa zomwezo."

"Nanga kudzala?"

"Kumene amafukula ana ndi nkhumba?"

"Pamoto?"

"Moto wa zitsononkho suwatha, ungokupatsani utsi."

Akuti imabwera galimoto kuwatenga, kukawawotcha ku ng'anjo yotentha zenizeni. Ndinafunsanso ngati sakawagulitsa kumsika. Anaseka, nandionetsa kabowo ka bokosilo, kolowa mankhwala koma kosalowa dzanja. Ndinayesa ndithu ndi zala zanga. Sizinalowe.

Kenako anatsegula chitini n'kumawerenga timapepala ta m'menemo. Anati, "Awa ankayenera kutha mwezi ndi mwezi. Mayi anu sankamwa onse."

Amayi, zinali choncho kodi? Mwezi uliwonse ndinkakuperekezani ku posto wapansi, inu mukupumira pa chulu chilichonse, kenako n'kumamwa lero, mawa kudumpha? Munkasungira yani? Ndaganiza ndikupalira, ndaganiza ndikutunga madzi, mpaka ndakumbukira tsiku lija munandigwira pamkono n'kunena kuti, "Iwe mtima wako ngwanga, udzawafuna." Ine ndinkayesa mukundinena mwa masiku onse.

Sindikukukalipirani. Ndingayambire pati? Nanenso anandipeza ndi tensau chaka chatha, ndipo pansi pa mphasa panali kamtolo kanga, kosungira Lusiya. Mbewu ija munandiphunzitsa. Ndinaulula kwa a enfermera. Anati, "Lusiya akadzadwala adzalandira ake. Tereza akufuna agogo ake, osati chitini."

Anu onse ndinaponya m'bokosi ndekha, paketi imodziimodzi. Mawa lake ndinabwereranso ndi kamtolo kangako. Koma chitini ndinakana kusiya. Ndachitsuka ndi phulusa, ndaikamo nyemba zanu zamawanga zija zoti tidzabzale. Mbewu yosunga ndi imeneyo.

Ndikulonjeza kuti anga ndizimwa tsiku lililonse mpaka paketi ithe, ngakhale a Fabiano aziti ndasanduka farmasiya. Choncho musandiyalire mphasa msanga, ndichedwako, ndikufuna ndione ngati Tereza adzandipose mwano. Funso langalo mudzandiyankha ndikafika, sindiiwala.

Mukatha kuwerenga, apatseniko abambo nawonso aone, ndi azakhali a Rozalina, amene mankhwala awo tinawapeza m'denga pofolera.

Ndine mwana wanu wokukondani, wapakamwa uja,
Marita