Mbuzi Iyerekezedwe ndi Iyo Yomwe

Lolemba, 3 Juni

Andinyoza lero, pamaso pa mbuzi zanga zomwe. Zaka makumi atatu ndikusamala khola la pakoleji pano, ndiye abwana a zofufuza akuti maso anga si sikelo. Ndawauza kuti chakudya chatsopanochi chikuwondetsa mbuzi khumi zoyeserera zija. Akuti kompyuta ya Chimagalasi, mtsikana wophunzira amene amaziyeza sabata ndi sabata, yanena kuti kusiyana kulibe. Loweruka ayamba kupatsa khola lonse, ndi za bere zomwe. Mtima suli m'malo.

Lachiwiri, 4 Juni

Apongozi, mbuzi yanga yaikulu yamakani, imodzi mwa khumi zija, msana wayamba kubaya dzanja. Za bere zikataya ana adzati mkulu uja wakalamba, amaiwala madzi.

Lachitatu, 5 Juni

Ndamufunsa Chimagalasi kuti anawerenga bwanji. Akuti anaunjika miyeso ya sabata yoyamba mulu wake, ya sabata yachinayi mulu wake, n'kuyerekeza miluyo. Ngati makola awiri osadziwana, pamene mbuzi zake ndi zomwezo.

Ndamuuza kuti Apongozi ndi chimphona chibadwire, inzake Kamtedza ndi kakang'ono chibadwire. Ukazisakaniza, kusiyana kwa misinkhu kumaphimba kuwondako. Iliyonse uiyerekeze ndi mmene inalili yokha poyamba. Waseka, akuti agogo zimenezi munaphunzira kuti. Sukulu sindinapondeko, zilembozi ndinazitola pa matumba a madeya. Koma mwana wodwala sumuyerekeza ndi wa aneba.

Lachinayi, 6 Juni

Lole yabwera. Matumba makumi asanu ndi limodzi a chakudya chatsopano chija. Ndawatsitsa n'kuwalonga m'sitolo.

Lachisanu, 7 Juni

Chimagalasi wabwera m'mawa kukhola, osaseka. Akuti njira ina ilipo, ya zinthu zoyezedwa mobwerezabwereza, m'buku lake lomwe, anangoilumpha. Waiyesa. Zisanu ndi zinayi mwa khumi zatsika, sabata iliyonse.

“Agogo, abwana anasaina kale lipoti langa. Ndikawauza ndalephera chaka. Bwanji mukanene ndinu?”

Ine ndinanena kale, anandipirikitsa ngati galu wolowa m'tchalitchi. Pepala amalimvera, ine ayi.

Ndakiya sitolo ya chakudya. Kiyi ali m'sokosi. Moyo wanga wonse sindinabisepo kiyi wa abwana. Akhoza kundichotsa mawa.

Chimagalasi, mwana wanga, tenga pepala lakolo ukwere nalo masitepe a ku ofesi ya abwana lero, asanaweruke.