Matenda a Matiresi

Lachitatu, 16 Julaye 1997, dzuwa litangopendeka. Ndili pakhonde, kuno kwathu kufupi ndi Mtenguleni.

Mdzukulu wanga Dailes,

Uli bwanji pamodzi ndi kamwana kako Chipo? Kuno tilipo, kupatula bondo langali lomwe limadandaula kuposa mkamwini waulesi. Usaseke zilembo zanga, ndatsamiritsa pepala pa lichero.

Mlongo wako Boaz wafika ndi basi ya ku Lusaka. Akuti adokotala akupeza ndi matenda a sitiresi. Ine ndi makutu okalambawa ndinamva matiresi. Ndinati eya, zogonera za m'tauni zamupinda msana mwana! Ndinatsimphina mpaka kwa aPetulo oluka mphasa kukakusankhira yatsopano. Boaz anaseka mpaka kutsamwa, kenaka anandikhazika pansi n'kundifotokozera.

Akuti pa ofesi yanu ya kuyunivesite anachotsa ntchito anzako, katundu wawo yense n'kukusenzetsa iwe. Akuti ana asukulu amafola pawindo lako kuyambira m'mawa, ena kulira, ena kutukwana, ngati ndiwe unataya mapepala awo a mayeso. Akuti umanyamula foni isanalire. Koma chandilasa ndi ichi: Chipo anakukoka chitenje kuti umunyamule, iwe osamuyang'ana n'komwe unamuyankha kuti abwere mawa.

Dzulo masana ndinawodzera ndikuswa nshawa. Ndinalota munda wathu utamera mapepala oyera okhaokha, akugwedezeka ndi kamphepo ngati mapira. Iwe unali kuyenda m'mizere ndi chidindo m'manja, kudinda masamba a maungu, kudinda agulugufe, kudinda ngakhale mthunzi wa mango. Ndinakuitana ndi dzina lako la paubwana, iwe n'kundiuza kuti ndiime pamzere. Ndinaimadi, mwanawe, kumbuyo kwa malemu ambuya ako aamuna, atavula chipewa mwaulemu. Mzerewo unakwera phiri la Kanjala mpaka kukalowa m'mitambo, ndipo panalibe woyankhula.

Ndinadzidzimuka nkhuku zikujompha nshawa pamiyendo panga.

Tamvera. Ng'ombe yokoka ngolo timaimasula goli masana kuti ikamwe madzi, chonsecho ng'ombe ilibe mwana woikoka chitenje. Pempha tchuthi ubwere ndi Chipo. Sindidzakutuma ngakhale kudambo. Udzangokhala kuyang'ana mbuzi mpaka mutu wako udzakupeze, pakuti unausiya m'mbuyo.

Mulungu akufungatire. Undiperekere moni kwa amalume ako aFackson, uwauze kuti ndaona kukhala chete kwawo.

Ndikudziwa umaopa kupempha, unali choncho kuyambira uli wa msinkhu wa mtondo. Ndiye ukatha kuwerenga, uipinde bwino kalatayi, ukaipereke m'manja mwa bwana wako, awerenge yekha apa:

Inu abwana, pepani, sitidziwana. Mwanayu tinangokubwerekani, sitinakupatseni. Kwathu kuno chobwereka timabweza chisanasweke.

Ndine ambuya ako,
Magalita Zulu