Mawanga a m'manja mwa Esinati

Amayi, kaya mukudzukako bwanji kumeneko? Kuno ku Senga Bay tilipo, pang'onopang'ono.

Chichokereni inu padziko pano dzinja ladutsa kawiri. Mpunga wa m'dimba lanu unacha bwino chaka chino, kungoti mbalame zinatidyera mbali yakumunsi. Mkazi wa mchimwene wanga Yohane anachira, mwana wamkazi, ndipo tinamupatsa dzina lanu. Akayamba kulira mudzi wonse umadziwa.

Koma pali nkhani imene ndakhala ndikuizengereza. Mawanga akuda aja munali nawo m'manja, ndi tizikang'a tolimba ngati maso a chimanga kumapazi, zamutulukanso Esinati, mwana wanga woyamba. Ndinaziona tikuyanika usipa pathandala. Atazindikira kuti ndikuyang'ana, anabisa manja m'chitenje, monga munkachitira inu kutchalitchi.

Ndinapita naye kuchipatala. Adokotala anayamba atseka chitseko, kenako anandifunsa komwe timatunga madzi. Nditatchula mjigo wathu, anandiuza motsitsa mawu kuti madzi ena a pansi amasungunula poizoni wa m'miyala, wosaoneka, wosanunkha, woti ngakhale uwiritse sachoka. Pakadi sanalembepo zimenezo. Anangotipatsa mafuta odzola.

Munkakonda kunena kuti madzi oyera sanama. Amayi, awa anatinamiza. Ndimakuonanibe tsiku lotsegulira mjigowo, mukuvina patsogolo pa amayi onse, mukusangalala kuti zopita kunyanja kukatenga likodzo zatha.

Yohane anafunsako za madziwa pamsonkhano. Apampando a komiti ya mjigo anamuuza kuti akunyoza chitukuko, ndipo apolisi anamutenga. Anabwerako patatha masiku atatu, ndipo mpaka lero nkhaniyi saiyankhula. Chondiwawa n'chakuti apampando amene anamudzudzulawo samwa a pamjigo. Ngolo yawo imapita kuboma ndi migolo, kumpopi komwe amamwa mabwana. Otsalafe timapopabe, ndipo makomo anayi tsopano ali ndi munthu wa mawanga.

Ine ndayamba kukatunga akumwa kumpopi wa kumishoni. Ndikapita mmawa ndimabwerako dzuwa lili paliwombo, ndowa imodzi yokha. Amayi anzanga amandinena kuti ndayamba matama. Ndimangoti a kumeneko ndi ozizira.

Tikadadziwa, bwenzi nditakusenzerani inunso. Ndikhululukireni.

Esinati akuti ndikupatseni moni. Koma musamuyalire mphasa kumeneko, amayi. Malinga khosi langali likusenza, sabwera msanga.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Agnesi